Foni, tabuleti ndi madrasa: zomwe zingamuphunzitse mwana ndi zomwe sizingathe

M'makomo ambiri a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Nkhotakota, Salima mpaka ku Mangochi ndi Machinga, foni ya intaneti yafika msanga kuposa mabuku. Ina anaitumiza bambo a ana kuchokera ku Joni, ina inagulidwa chaka chomwe usipa unaphedwa bwino. Ikangolowa m'nyumba, oyamba kuidziwa ndi ana. Ndiye makolo ndi amwalimu akumafunsa kuti: kodi chinthu chimenechi chingamuthandize mwana pa maphunziro, a Deen ndi a sukulu omwe, kapena changobwera kudzamudyera nthawi? Ife tikuti chingathandize kwambiri, koma pa ntchito zina zokha. Pali ntchito zomwe foni imagwira bwino kuposa munthu, pali zinanso zomwe siingagwire ngakhale itakhala yodula chotani. Kholo lomwe lasiyanitsa ziwirizi silitaya ndalama zake pachabe.

Kubwereza: ntchito yomwe foni siitopa nayo

Aliyense amene anakhalapo pa mphasa ya madrasa akudziwa kuti Qur'an imalowa pamtima chifukwa chobwereza. Amwalimu awerenge, mwana atsatire, abwerezenso, mpaka lilime lizolowere. Vuto ndi lakuti amwalimu ndi mmodzi, ana ndi ambiri, ndipo nthawi ya madrasa ndi yochepa, kawirikawiri masana ana akaweruka ku sukulu. Mwana akafika kunyumba n'kuiwala momwe Ayah imamvekera, amayamba kuiwerenga mongoganizira, ndipo akaibwereza molakwika kakhumi, cholakwikacho ndi chimene chimakhazikika.

Apa ndi pomwe foni imaposa tonsefe. Mapulogalamu a Qur'an monga Quran for Android, omwe ndi aulere komanso alibe zotsatsa malonda, kapena Ayat yomwe inapangidwa ndi King Saud University ya ku Riyadh, amakulolani kusankha Ayah yoyambira ndi yothera, n'kuiuza foni kuti Ayah iliyonse iibwereze kangati. Ingabwereze katatu, kakhumi, ngakhale usiku wonse, osatopa, osakalipa. Mwana amene amachita manyazi kufunsanso amwalimu kachitatu, foni saichitira manyazi.

Koma kusankha wowerenga ndi nkhani yaikulu, ndipo ambirife timalakwitsa pamenepa. Timakonda kuikira ana ma Imam omwe mawu awo amatikoma m'Taraweeh. Kumvetsera kotero ndi kwabwino, koma kawerengedwe ka m'Swala kamakhala kothamangirapo, ndipo mwana amene akuyamba kumene amatola nyimbo yake osati zilembo. Wophunzira amafunika wowerenga wodekha, yemwe chilembo chilichonse chimamveka pachokha. Ndi chifukwa chake aphunzitsi a Qur'an m'mayiko ambiri amalozera ophunzira kwa Sheikh Mahmoud Khalil al-Husary a ku Egypt, omwe mu 1961 anali oyamba kujambulitsa mawu a Qur'an yonse mu kawerengedwe ka murattal. Pa mndandanda wa owerenga mupeza dzina lawo kangapo. Sankhani pomwe palembedwa kuti Muallim: pamenepo amawerenga pang'onopang'ono mwadala kuti wophunzira atsatire. Palinso kawerengedwe ka Sheikh Muhammad Siddiq al-Minshawi komwe iwo akawerenga Ayah, mawu a ana amabwereza pambuyo pawo. Ana aang'ono amakakonda chifukwa amamva anzawo akuwerenga nawo, ngati ali pa mphasa imodzi.

Musanayambe, onetsetsani zinthu ziwiri zing'onozing'ono zomwe zimasokoneza ana ambiri.

Choyamba ndi riwaya. Kuno timawerenga mu riwaya ya Hafs kuchokera kwa Asim, monga momwe amachitira Asilamu ambiri padziko. Koma mapulogalamu ena ali ndi riwaya ya Warsh, yomwe imawerengedwa ku Morocco, Algeria ndi madera ena a kumadzulo kwa Africa. Warsh ndi kawerengedwe kovomerezeka, sikolakwika ayi, koma mawu ena amatchulidwa mosiyana, ndipo mwana amene akumvera Warsh kunyumba n'kumawerenga Hafs ku madrasa adzangosokonezeka.

Chachiwiri ndi maonekedwe a tsamba. Msahafu wa ku Madinah, wosindikizidwa ku King Fahd Complex ndi zolemba za dzanja la Uthman Taha, uli ndi masamba 604 ndi mizere 15 pa tsamba. Mamadrasa ena amagwiritsa ntchito misahafu ya kalembedwe ka ku India ndi Pakistan, ina ya mizere 13, yomwe zizindikiro zake zina n'zosiyanako. Wochita hifz amaloweza ndi maso omwe: amakumbukira kuti Ayah yakuti ili pamwamba pa tsamba la kumanja. Mukamusinthira tsamba, mwamuphwasulira chithunzi chomwe anali nacho m'mutu. Choncho funsani amwalimu kuti m'kalasi akugwiritsa ntchito msahafu uti, n'kusankha womwewo pa foni. Ngati pulogalamuyo ilibe, mwana agwire msahafu wake m'manja, foni ingokhala yomvetsera basi. Kunena zoona, ife njira imeneyi ndi yomwe timaikonda koposa, chifukwa maso a mwana sakhala pa galasi pomwe mauthenga a WhatsApp akungolowa.

Lilime lathu ndi zilembo za Chiarabu

Tsopano tifike pomwe foni imalephera, ndipo tichedwepo pang'ono.

Chiarabu chili ndi zilembo 28, ndipo zingapo mwa izo zilibe mnzake m'Chichewa kapena m'Chiyao. Kwa ife, l ndi r ndi chinthu chimodzi. Wina alemba Lilongwe, wina atchula ngati pali r, palibe amene wasochera. M'Chiarabu laam ndi raa ndi zilembo ziwiri zosiyana, ndipo kusinthanitsa kumasintha liwu. Seen, swaad ndi thaa, khutu lathu limazimva zonse ngati s. Zilembo zotuluka kukhosi timaziphatikiza kukhala h imodzi. Qaaf timaitchula ngati kaaf, pomwe liwu lakuti qalb ndi mtima ndipo kalb ndi galu. Palinso chizolowezi china chozama: m'zinenero zathu liwu lililonse limathera pa a, e, i, o kapena u. Ndi chifukwa chake timati sukulu, buledi, sitolo. Ndiye mwana akapeza chilembo chokhala ndi sukun, lilime lake limafuna kuwonjezerapo kamawu kakang'ono kumapeto, iye osadziwa n'komwe.

Vuto la zolakwika zoterezi ndi lakuti wolakwitsayo sazimva. Mwana angamvere Sheikh al-Husary kakhumi, n'kubwereza kakhumi molakwika, mumtima mwake akukhulupirira kuti akutchula chimodzimodzi. Khutu lomwe silinaphunzire kusiyanitsa qaaf ndi kaaf silingadzikonze lokha. Pamafunika munthu amene akumumvetsera, amuimitse, amuonetse pomwe lilime likhudze, amuuze kuti yang'ana pakamwa panga. Umu ndi momwe Qur'an yatifikira. Mtumiki Muhammad, Swalla Allahu alaihi wa sallam, anailandira kudzera mwa Jibril, Maswahaba anailandira kuchokera pakamwa pake, iwonso n'kuphunzitsa owatsatira, mpaka kufika kwa amwalimu a m'mudzi mwanu. Ma Ulama amautcha mchitidwe umenewu talaqqi, kutanthauza kulandira maso ndi maso, ndipo ijaza ya Qur'an imaperekedwa ndi Sheikh amene wamumvetsera wophunzira, osati ndi chipangizo.

Mwina wina anena kuti: nanga si masiku ano kuli mapulogalamu omwe amamvetsera munthu akamawerenga? Alipodi. Yodziwika kwambiri ndi Tarteel. Mukamawerenga, iyo imatsatira mawu anu pa tsamba, ndipo ingathe kubisa ma Ayah n'kumawaonetsa pokhapokha mwawatchula. Kwa hafiz amene akubwereza yekha usiku popanda womugwirira msahafu, ndi chithandizo chenicheni, chifukwa imagwira liwu lomwe mwadumpha kapena mwasinthanitsa ndi la mu Surah ina yofanana nayo. Koma dziwani kuti ntchito zake zina ndi zolipira, imafuna netiweki yabwino, ndipo kuzindikira liwu si kofanana ndi kuyeza tajweed. Makina amayesa kulingalira liwu lomwe mumafuna kunena. Mwana akatchula mopendekera pang'ono, makinawo angathe kumumva n'kumudutsitsa, pomwe amwalimu akanamubweza. Ndiye mwana asabwere kunyumba n'kumati foni yandikhozetsa.

Tichenjezenso za Qur'an yolembedwa m'zilembo za Chingerezi, yomwe mapulogalamu ambiri amaika pansi pa Chiarabu. Kwa munthu wamkulu amene walowa kumene Chisilamu ndipo akufuna kuyamba kuswali lero lomwe, ingamuthandize masiku oyambirira. Kwa mwana wa madrasa ndi msampha. Maso ake amathawira ku zilembo zomwe akuzidziwa kale ku sukulu, Chiarabu n'kumangochidutsa, ndipo zilembo zitatu zosiyana zija amaziwerenga zonse ngati s. Lowani m'masetingi muzimitse. Mwana adutse mu Qaida yake, kaya ndi Baghdadi, Nuraniya kapena Yassarnal Qur'an, malinga ndi yomwe amwalimu asankha, chilembo ndi chilembo.

Pa nkhani ya tanthauzo, zinthu zapepuka kwambiri. Pa webusaiti ya QuranEnc pali tanthauzo la Qur'an m'Chichewa lomwe anamasulira Sheikh Khalid Ibrahim, komanso la m'Chiyao la Sheikh Muhammad Silika. Banja lingathe kukhala pansi itatha Maghrib, mwana awerenge Surah yomwe waloweza, mayi kapena bambo awerenge tanthauzo lake m'chinenero cha pakhomo. Ana athu ambiri amamaliza Juzu Amma, ma Surah 37 athunthu, osadziwa kuti ngakhale imodzi mwa izo ikukamba za chiyani. Mphindi zisanu zokha pa tsiku zingasinthe zimenezo.

Matabuleti a ku sukulu ya boma

Makolo ena aona ana awo a sitandade 1 mpaka 4 akubwera ndi nkhani yakuti lero tinaphunzira pa tabuleti, n'kumadabwa ngati kumeneko si kusewera chabe. Nkhaniyi ili ndi mbiri yake. Bungwe la ku Britain lotchedwa onebillion linapanga mapulogalamu ophunzitsa masamu ndi kuwerenga m'Chichewa, ndipo linayamba kuwayesa m'sukulu za m'Malawi mogwirizana ndi VSO ndi Unduna wa Zamaphunziro. Nicola Pitchford wa ku University of Nottingham anachita kafukufuku pa sukulu ina ya pulayimale ku Lilongwe, ana n'kumagwiritsa ntchito matabuleti mphindi 30 pa tsiku kwa masabata 8. Zotsatira zake, zomwe zinasindikizidwa mu 2015, zinaonetsa kuti ana omwe anaphunzira masamu pa tabuleti anapita patsogolo kuposa anzawo omwe anangotsatira kalasi ya masiku onse. Mu 2019 bungwe lomweli linagawana mphoto ya Global Learning XPRIZE ndi Kitkit School, mapulogalamu awo atayesedwa kwa miyezi 15 m'midzi ya ku Tanzania. Kenako mu 2023 boma linayambitsa pulogalamu ya BEFIT, kuyambira ndi sukulu 500, ndi cholinga chofikira sukulu zonse za pulayimale za boma. Matabuletiwo amatchajidwa ndi sola ndipo safuna intaneti pophunzira.

Chinsinsi chake si chozizwitsa ayi. M'kalasi momwe ana adzaza mpaka pakhomo, mphunzitsi sangathe kudziwa kuti uyu wamva, uyu watsalira. Amaphunzitsa onse liwiro limodzi. Tabuleti imamupatsa mwana aliyense ntchito yolingana ndi pomwe wafika, imamuyankha nthawi yomweyo kuti wakhoza kapena walakwa, ndipo imamulankhula m'chinenero chomwe akuchimva kudzera m'mahedifoni. Mwana wochedwa kugwira sasekedwa, wofulumira sadikira.

Koma taonani momwe zinthuzo zakonzedwera, chifukwa muli phunziro la kunyumba. Nthawi yake ndi yoyezedwa. Mu tabuletimo mulibe china chilichonse kupatula maphunziro, mwana sangathawire ku mavidiyo. Mphunzitsi amakhala pomwepo. Foni ya pakhomo ilibe chimodzi mwa zitatuzi pokhapokha kholo litaziika. Choncho tisamve kuti matabuleti athandiza ana ku sukulu, ife n'kuganiza kuti kumusiyira mwana foni tsiku lonse n'chimodzimodzi.

Ndipo tabuleti imathandiza mwana amene wabwera ku sukulu. Mnyamata amene wagona pa dooko kudikira mabwato, kapena wapita nawo ku chilimira usiku wonse, tabuleti yake imatchajidwa n'kubwezedwa m'kabati osaigwira. Mtsikana amene watsala pakhomo kulera mng'ono wake, chimodzimodzi. Ili ndi vuto lathu la kunyanja kuno, ndipo palibe pulogalamu yomwe ingalithetse.

Kwa ana akuluakulu omwe akukonzekera PSLCE, JCE kapena MSCE, intaneti ili ndi zambiri. Khan Academy ndi yaulere ndipo imafotokoza masamu ndi sayansi bwino kwa amene Chingerezi akuchimva. Pa YouTube pali aphunzitsi omwe amasonyeza kasoveredwe ka masamu sitepe ndi sitepe, ndipo wophunzira angathe kuimitsa vidiyo n'kuibwezera pomwe sanamve. Chofunika kukumbukira n'chakuti mayeso amalemba ndi a MANEB, potsatira silabasi ya m'Malawi. Mwana ayambe watsegula buku la kalasi, aone mutu womwe ukumuvuta, kenako akafufuze vidiyo ya mutu umenewo. Akayambira ku YouTube, vidiyo imodzi imamukokera ku inzake mpaka bandulo yatha, mutu uja osaugwira. Samalaninso ndi anthu a m'magulu a WhatsApp omwe amati ali ndi mapepala a mayeso omwe sanalembedwe, tumizani ndalama. Kumeneko ndi kuba pawiri: akuberani ndalama, ndipo mwana aphunzira chinyengo chomwe Deen yathu imaletsa komanso chomwe chingamulepheretse mayeso onse.

Sheikh wa pa foni ndi ndani?

Pa maphunziro a sukulu, vidiyo ikalakwitsa, mwana aluza malikisi. Pa maphunziro a Deen, chotayika n'chachikulu. Aliyense amene ali ndi foni angathe kuvala kanzu ndi chisoti, n'kudzijambula akupereka fatwa. TikTok, Facebook ndi YouTube sizifunsa kuti munthuyu anaphunzira kuti komanso kwa yani. Zimangoona vidiyo yomwe anthu akuionera nthawi yaitali n'kuikankhira kwa ena, ndipo mavidiyo omwe amagwira anthu ndi aja a mikangano, onyoza anzawo, otcha Asilamu ena mayina. Mnyamata wa zaka 15 akaonera ziwiri zoterozo, foni imamubweretsera zina makumi awiri. Pakutha mwezi amabwera ku msikiti akuona ngati agogo ake omwe amuswalitsa kuyambira ali mwana sadziwa kanthu. Kusiyana maganizo pa nkhani zina za fiqh kwakhalapo pakati pathu kuyambira kale, koma kale munthu amakamba ndi Sheikh yemwe akumudziwa, yemwe mawa akumana naye pa maliro. Wa pa vidiyo sadzayankhapo pa zomwe wayatsa m'mudzi mwanu.

Ma Hadith oyenda m'magulu a WhatsApp nawonso amafuna kusamala, makamaka aja omathera ndi mawu akuti tumizani kwa anthu khumi. Kumunamizira Mtumiki mawu omwe sananene ndi tchimo lalikulu, ndipo wotumiza naye ali ndi gawo lake. Hadith yoona imakhala ndi kochokera: buku lake ndi nambala yake. Amene amamva Chingerezi kapena Chiarabu angathe kuyang'ana pa Sunnah.com, pomwe pali Sahih al-Bukhari, Sahih Muslim ndi mabuku ena odziwika. Amene sangathe, aitumize kaye kwa Sheikh isanapite ku gulu la banja.

Kuyambira kumapeto kwa 2022 pomwe ChatGPT inatuluka, ophunzira ambiri akumafunsa mapulogalamu a AI chilichonse. Ndi bwino kudziwa momwe amagwirira ntchito. Makinawa anaphunzitsidwa ndi zolemba zochuluka zedi, ndipo amapanga yankho polumikiza mawu omwe akuoneka kuti akuyenera kutsatana. Nthawi zambiri amakhoza, ndipo pofotokoza lamulo la galamala ya Chingerezi kapena ya Chiarabu amathandizadi. Koma akalakwa, amalakwa molimba mtima, mawu ake osalala ngati akunena zoona. Angathe kupereka Hadith yomwe kulibe, ndi nambala yake yomwe, kapena kuika mawu m'kamwa mwa Imam yemwe sananene. Pa nkhani ya talaq, kagawidwe ka chuma cha masiye, kapena halal ndi haram, musamange chigamulo pa yankho la makina. Ndipo mwana akakopera homuweki yonse kuchokera kumeneko, kope limadzaza koma mutu umatsala momwe unalili, ndipo m'chipinda cha mayeso foni salowa nayo.

Ndalama, moto ndi chinsinsi

Ambirife vuto lathu si kusowa mapulogalamu koma data ndi kotchajira. Njira yake ndi kutsitsa kamodzi n'kumagwiritsa ntchito popanda intaneti. Mawu a Qur'an yonse a wowerenga mmodzi amatenga mamegabayiti mazana angapo, koma palibe chifukwa chotsitsira yonse tsiku limodzi. Tsitsani Juzu yomwe mwana akuphunzira, makamaka nthawi yomwe TNM kapena Airtel ili ndi bandulo yotsika mtengo, kenako zimitsani data. Munthu mmodzi akatsitsa mafayilo a MP3, angathe kugawira mudzi wonse kudzera pa Bluetooth kapena memori khadi popanda wina kulipiranso.

Izi zikutanthauza kuti simufunika foni yodula. Kafoni ka mabatani kolowa memori khadi, kapena kawailesi kaja kokhala ndi polowetsa khadi, kamakwanira pa ntchito yomvetsera ndi kubwereza. Batire lake limakhala masiku, kakagwa pamchenga sikasweka galasi, ndipo mulibe TikTok. Kwa mwana wa zaka zosakwana khumi, ife tingasankhe kameneka.

Mapulogalamu ambiri aulere amapeza ndalama kudzera mu zotsatsa malonda komanso mu zomwe amatolera za inu. Si zachilendo kuona chithunzi chosayenera kapena kuitanira ku juga chikutulukira pansi pa tsamba la ma Dua, chifukwa wopanga pulogalamuyo sasankha yekha chotsatsa chilichonse. Mukazimitsa data, zambiri mwa izo sizibwera. Za chinsinsi, mu November 2020 atolankhani a Motherboard ku America analemba kuti zosonyeza komwe kuli anthu ogwiritsa ntchito Muslim Pro zimapita ku kampani yotchedwa X-Mode, yomwe ena mwa makasitomala ake anali makampani ogwira ntchito ndi asilikali a dziko la America. Eni ake a Muslim Pro anakana kuti sanagulitse zinthu za anthu kwa asilikali, ndipo analengeza kuti athetsa mgwirizano ndi kampaniyo. Phunziro lake n'lapafupi. Pulogalamu ikamapempha chilolezo, dzifunseni ngati ikufunikadi chimenecho. Ya nthawi za Swala ingafune kudziwa tauni yomwe muli, ndipo mungathe kulemba nokha kuti Mangochi kapena Salima. Yophunzitsa alif, baa, taa ilibe chifukwa choonera manambala a anzanu kapena zithunzi zanu.

Tikadali pomwepo: kalendala ya Hijri ya mu foni imawerengedwa ndi masamu, ndipo ingasiyane tsiku limodzi ndi kuoneka kwa mwezi kuno. Ana aphunzitsidwe kuti Ramadhan ndi Eid timatsatira chilengezo cha atsogoleri athu, osati foni. Kampasi ya Qibla nayo imasokonezeka ikayandikira zitsulo. Kuchokera ku Mangochi, Qibla ili kumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa ndi madigiri pafupifupi 7, choncho foni ikakulozerani kunyanja ya kum'mawa kapena kumwera, yalakwa ndi foniyo.

Funso lomwe amayi amafunsa kawirikawiri ndi la wudhu. Ma Ulama ambiri a masiku ano amati foni siili ndi lamulo la msahafu, chifukwa zilembo zake sizikhazikika, zimabwera n'kuchoka. Ena amati pamene ma Ayah akuoneka pa galasi, ndi bwino osakhudza pomwe pali zilembozo popanda twahara. Tsatirani zomwe Sheikh wanu akuphunzitsani. Chomwe onse amagwirizana ndi ulemu: Qur'an isamalire m'thumba munthu ali kuchimbudzi, isaikidwe ngati kulira kwa foni komwe kumadulidwa pakati pa Ayah wina akaimba, ndipo ikamawerengedwa pa sipika anthu amvetsere, osati izingolira uku macheza ali mkati.

Pakhomo ndi pa madrasa

Bungwe la World Health Organization mu 2019 linalangiza kuti ana osakwana zaka 2 asamaikidwe pa galasi la foni kapena TV, ndipo a zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku. Tikudziwa kuti mayi akamaphika kapena kuyanika nsomba, foni imatontholetsa mwana msanga kuposa chilichonse. Koma mwana wa msinkhu umenewo amaphunzira kulankhula polankhulidwa ndi anthu, ndipo Kalima yoyamba amaitola pakamwa pa mayi ake.

Kwa okulirapo, nthawi yophunzira pa foni ikhale yodziwika, mwachitsanzo itatha Fajr asanapite ku sukulu kapena pakati pa Maghrib ndi Isha, ndipo ikhale pabwalo kapena pakhonde pomwe aliyense akuona, osati m'chipinda chitseko chotseka. Usiku foni igone kwa makolo. Amene ali ndi foni ya Android angathe kugwiritsa ntchito Google Family Link, yomwe imalola kholo kuika malire a nthawi ndi kuvomereza pulogalamu iliyonse mwana asanaiike. Ndipo kholo lomwe silinapite ku sukulu lisadzione ngati lilibe mphamvu pa nkhaniyi. Simufunika kudziwa Chingerezi kuti muuze mwana kuti tandiwerengere zomwe waphunzira lero, foni ili chafufumimba. Akalephera kunena, ndiye kuti samaphunzira.

Bambo amene muli ku Johannesburg, Durban kapena Cape Town, foni yomwe munatumiza ija ingagwire ntchito ina kuposa kulandirira ndalama. Muuzeni mwana azikutumizirani uthenga wa mawu pa WhatsApp akuwerenga Surah ya sabata imeneyo, kapena ndime ya m'buku la Chichewa la ku sukulu. Uthenga wa mphindi imodzi sudya data yambiri, ndipo mwana amene akudziwa kuti Lachisanu bambo amvetsera amakonzekera mosiyana.

Amwalimu nawo angagwiritse ntchito njira yomweyi. Akajambula phunziro la tsikulo ndi mawu awo n'kulitumiza ku gulu la makolo, mwana amakabwereza kunyumba ndendende momwe wamvera m'kalasi, ndipo amene anajomba chifukwa cha malungo satsalira kwambiri. Gulu lotero likhale la makolo, amwalimu asamalemberane ndi ana paokha, makamaka atsikana, pofuna kuteteza mwana ndi mbiri ya amwalimu yomwe. Ana omwe kwawo kulibe foni asaiwalike: phunziro lenileni liperekedwe m'kalasi, za pa WhatsApp zikhale zongowonjezera. Komiti ya msikiti ingathenso kusonkha n'kugula sipika imodzi yotchaja ndi kasola kakang'ono, n'kuikamo memori khadi ya Juzu Amma, kuti pamene amwalimu akumvetsera ana mmodzimmodzi kutsogolo, otsalawo azibwereza pamodzi ndi Sheikh al-Minshawi m'malo mochita phokoso. Data yomwe amwalimu akugwiritsa ntchito potumiza maphunziro iwerengedwe pa ndalama za komiti, isachoke m'thumba mwawo.